Dzanja la a Lumo

Chinayamba ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Tsiku limenelo a Lumo anakhala pampando wa makasitomala kudikira woti amumete, dzanja lili pabondo, ndipo anangoona chalacho chikusisita chinzake ngati chikupota ulusi. Atachiyang'anitsitsa chinasiya. Atatembenukira kumsewu chinayambanso.

Shopu yawo yometera inali kachipinda kopapatiza pansi pa nyumba yosanja, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi kokonzera mafoni. Munali mipando iwiri, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi shelefu ya makina, zipeso, thonje ndi botolo la sipiriti. Dzina loti a Lumo anawapatsa ndi makasitomala. Ometa ena amamaliza ndi makina, koma iwo ankamaliza ndi lumo, ndipo mzere umene ankadula pamphumi pa munthu unkawongoka ngati ayeza ndi rula. Anthu ankadutsa mashopu ena n'kudzakhala pabenchi yawo kudikira.

Poyamba chalacho chinkaopa ntchito. Akangogwira makina chinkakhala phee, ndiye a Lumo anazolowera kubisa dzanjalo m'thumba la epuloni nthawi imene sakumeta. Koma akazi awo ankagwira ntchito yosita zovala pamalo ena ochapira, ndipo diso lawo silinkaphonya ngakhale kakhwinya kakang'ono.

"Bambo, mkono wanu wamanjawu bwanji sukugwedezeka mukamayenda? Mwaunyamula ngati wobwereka."

"Watopa. Si umenewu umadyetsa nyumba ino?"

"Nanga batani la shati lija dzulo, linakukanikani chifukwa cha kutopa komweko?"

Anakokanakokana kwa milungu ingapo mpaka a Lumo anagonja, napita limodzi kukayezetsa. Kuchipatala dokotala anawauza kuti ayende m'khonde uku ndi uku, agundanitse zala mofulumira, kenako alembe dzina lawo papepala. Zilembo zinayamba zazikulu n'kumachepa, mpaka zomaliza zinali ngati nyerere.

"Matendawa ndi a mu ubongo, dzina lake Pakinisoni," anatero dokotala. "Sachizika, bambo, koma mankhwala amawachepetsa mphamvu."

"Nanga ntchito yanga?"

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimameta."

Dokotala anayang'ana dzanja lija, limene tsopano linkanjenjemera pabondo mosabisa. Kenako anati kuwonjezera pa mankhwala azilimbitsanso thupi. Anati kuseri kwa sitolo yaikulu ya pafupi ndi chipatala, pamalo oimika magalimoto, pamakumana gulu m'mawa uliwonse lochita masewera oyenda pang'onopang'ono, ndipo odwala ake ambiri amathandizika nawo. Pa zonse zimene dokotala ananena, a Lumo anatola liwu limodzi lokhalo: amathandizika.

Mankhwala anawada kuyambira tsiku loyamba. Ankawachititsa nseru, ndipo masana ankawodzera chiimire makina ali m'manja. Koma kugulu kuja anapita.

Anapeza anthu ochepa ataima m'mizere yoyera yoimikamo magalimoto, aliyense m'malo ake ngati iyenso galimoto. Ambiri anali achikulire. Panali mayi wina woyendera ndodo, ndi bambo wonenepa amene pakamwa pake panapotokera mbali imodzi. Onse ankakweza manja mwaulesi ngati anthu osambira m'maloto. A Lumo anafuna kubwerera, koma wotsogolera anali atawaona kale. Anali mayi wamfupi wa imvi, namwino wopuma pantchito, ndipo onse ankawatchula kuti Asisitala.

"Lowani apo, pali malo. Zopumira timayamba nazozi ndi chigongi. Zoyenda zija ndi tayichi, tifikako. Mapazi atalikirane. Pindani maondo ngati mukufuna kukhala pampando koma mwasintha maganizo. Kokani mpweya ndi mphuno, ufike m'mimba. Tsopano manja akwere okha, musawanyamule ngati thumba la simenti."

A Lumo anakweza manja uku akudziseka mumtima. Koma pamene manjawo ankakwera, lamanja lija linakhala chete. Linakwera bwinobwino limodzi ndi linzake, linatsika, linakweranso. Anayang'ana kumbali kuti bambo wonenepa uja asaone maso awo.

Kenako Asisitala anawaphunzitsa kayendedwe. "Thirani thupi lonse m'mwendo umodzi ngati mukuthira madzi m'chidebe. Winawo ukatsala wopanda kanthu, ndiye muunyamule. Chidendene chiyambe kutera."

Atafika kunyumba a Lumo anauza akazi awo kuti mankhwala enieni awapeza.

"Dokotala anati zonse ziwiri," akazi awo anawakumbutsa.

"Dokotala sanaone zimene ndaona ine."

Kuyambira pamenepo a Lumo ankafika pamalo oimika magalimoto aja aliyense asanafike. Pashopu, kasitomala akangotuluka, ankakankhira mpando kukhoma n'kuyamba kuyandamitsa manja kutsogolo kwa galasi. Tsiku lina mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ankayendetsa takisi, anawapeza ali pakati pa zimenezi.

"Alamu, mukugwira ntchentche kapena mukudalitsa mipando?"

"Ichi ndi chigongi."

"Chigongono? Ine ndili nazo ziwiri, koma sindivina nazo pagalasi."

"Sekani. Mudzabwera nokha msana wanuwo ukadzapindika ngati chiwongolero."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo a Lumo anasekanso. Masiku amenewo ankaseka kwambiri. Ankaona kuti akamachita masewerawo dzanja limamvera, ndiye anaganiza kuti akawonjezera, dzanjalo lidzaiwaliratu kunjenjemera. Chimene chinkawabweza m'mbuyo, m'maganizo awo, chinali mapiritsi aja oledzeretsa. Choncho m'mawa akazi awo akawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi, iwo ankamwa madziwo, piritsi n'kulitsetserezera m'thumba. Kushopu ankaliponya m'bokosi la makina akale amene anafa.

Kwa masiku angapo anamva kupepuka. Nseru inatha, tulo ta masana tinatha. Kenako mkono unayamba kulemera. Phewa linauma ngati chitseko cha dzimbiri. Podzuka pampando ankayamba adzikankha kangapo. Iwo anati ndiye kuti sakulimbikira mokwanira.

Anayamba kuchita paliponse. Pamasitepe okwerera kunyumba kwawo, anansi akuwalambalala ndi zidebe. M'bafa, akazi awo akugogoda kuti achedwa kuntchito. Podikira basi. Kuseri kwa shopu pafupi ndi mabini, ntchentche zikuwatera pankhope. Ankaima atapinda maondo, manja atawazunguliza kutsogolo ngati akumbatira mtengo, mpaka ntchafu zinkaphwanya ndipo thukuta linkadontha pachibwano. Maondo anatupa. Akangotsitsa manja, chala chija chinkayambiranso, ndipo tsopano chinkakoka dzanja lonse mpaka pamkono.

"Asisitala, ndipatseni zamphamvu," anatero m'mawa wina gulu litabalalika. "Izi ndi za oyamba kumene. Payenera kuti pali zina zimene mumasungira anthu amene afikapo."

"Palibe zobisika, bambo. N'zomwezi. Ndipo inu mukuzichita ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Mukuthamangira kuti?"

"Ndili ndi shopu."

Asisitala anawayang'ana kuyambira kuphewa mpaka kumapazi. "Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa."

Kushopu zinthu zinali zitayamba kuthina. Mnyamata wina wa ku banki anabwera kudzadulitsa mzere, ndipo unakhota. A Lumo pofuna kuwongola anadula chakumwamba, unakhotanso, anadulanso, mpaka mphumi ya munthuyo inakula ngati bwalo. Mnyamatayo sanakalipe. Anangodziyang'ana pagalasi, n'kupempha wokonza mafoni kuti amubwereke chipewa. Nkhani inayenda. Amene ankadikira pabenchi aja anayamba kudutsa pakhomo maso ali pafoni, n'kuwolokera kushopu ya kutsidya kwa msewu. A Lumo ankawaona pagalasi. Ankadziwa mutu wa aliyense, pamene pali chipsera, pamene tsitsi limazungulira, pamene dazi layamba.

Loweruka lina masana mlamu uja anaimika takisi pakhomo penipeni, nalowa akuimba mluzu.

"Alamu, lero ndevu. Ndi lumo, osati makina. Ndipo chitseko musatseke, msewu wonse uone kuti a Lumo akadali a Lumo."

Ndevuzo zinali zisanakule n'komwe, ndipo a Lumo anadziwa chimene mlamu wawo wabwerera. Akanatha kukana. Koma kutsidya kwa msewu anthu awiri atatu anali atatembenuka kale kuyang'ana. Anamuveka thaulo, namupaka thovu. Anaima kumbuyo kwa mpando, anapinda maondo pang'ono, anakoka mpweya mpaka m'mimba, anautulutsa. Dzanja linadekha. Anaika lezala latsopano m'lumo.

Tsaya loyamba linayenda bwino. Mlamuyo anali atatsinzina, akusimba za mayi wina amene anakwera takisi ndi mphaka m'chikwama n'kumakana kuti kulirako si kwa mphaka. Tsaya lachiwiri linayendanso. Atafika kunsi kwa chibwano, mkono unauma. A Lumo anaumva ukukana, anaukakamiza, ndipo unamasuka mwadzidzidzi ngati chingwe choduka.

Nkhani ya mphaka inathera pakati. Thovu loyera linangoti psuu.

"Alamu," anatero mlamuyo motsitsa mawu, atagwira pakhosi. "Musadandaule, ndi kakang'ono." Koma magazi ankatuluka pakati pa zala, kutsikira pathaulo mpaka pansapato.

A Lumo anaima chilili, lumo lili m'manja likunjenjemera. Anakuwa ndi munthu wina wodutsa. Mayi wa m'sitolo ya mankhwala anathamangira ndi bandeji, anatsindira pabalapo, n'kunena kuti pakufunika kusoka msanga. Wokonza mafoni analanda makiyi a takisi kuti athamangire naye kuchipatala. Pakhomo lotsegula lija panadzaza mitu ya anthu.

Akazi awo anafika chakumadzulo kuchokera kuchipatala, akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Anapeza a Lumo atakhala pabenchi, magazi ataumira pansi.

"Awasoka," anatero. "Akuti lumo likanatsika pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Anatunga madzi m'chidebe n'kuyamba kukolopa. Pofuna kansalu kopukutira mpando anatsegula bokosi la makina akale, ndipo anaima. Anabweretsa bokosilo n'kuliika pamiyendo pa amuna awo. Mapiritsi anali mbwee pansi pake, ena atasanduka ufa, osakanikirana ndi tsitsi.

"Ine m'mawa uliwonse kukupatsani ndi dzanja langa, kuima pompo mpaka mumeze madzi. Inu mumandiona ngati chitsiru?"

"Amandiledzeretsa. Sindikanatha kumeta."

"Ndiye lero mwameta? Achimwene anga atsala pang'ono kufera pampando apa chifukwa cha gule wanuyo!"

"Ndimafuna dzanja langa libwerere, mayi."

"Silibwerera! Dokotala ananena ine ndili pomwepo. Tonse tinamva, amene simunamve ndinu nokha."

Atatero anakhala pansi ponyowa pomwepo, nalira atatsamira mwendo wa mpando. A Lumo anafuna kuwagwira paphewa, koma dzanja limene linali pafupi linali lomwe lija.

M'mawa mwake anapita pamalo oimika magalimoto mochedwa, gulu lili pafupi kumaliza. Sanalowe m'mzere wawo. Anakwakwaza mapazi mpaka kutsogolo.

"Mayi, munandinamiza."

Manja a anthu onse anatsika.

"Ndinakunamizani chiyani, bambo?"

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikupalasa mphepo ngati wamisala. Maondo atupa. Anthu akundiseka. Dzulo ndacheka mlamu wanga pakhosi. Taonani!" Anatambasula dzanja, ndipo linagwedezeka pamaso pa onse ngati nsomba yongovuulidwa kumene.

"Mankhwala munasiya liti?"

A Lumo anabweza dzanja lija n'kulibisa m'thumba.

"Ine pano sindichiza munthu," anatero Asisitala. "Mayi awa ndodo yawo akadali nayo. Bambo awa pakamwa pawo sipanawongoke. Chimene timadzera pano n'chakuti tisamagwe kawirikawiri, tizipuma bwino, tizivala tokha nsapato kwa nthawi yotalikirapo. N'zochepa, ndikudziwa."

"Zochepa zanuzo khalani nazo."

Anatembenuka n'kuyamba kupita. Potulukira panali pothina, pakati pa khoma ndi kanyumba ka mlonda. Atafika pamenepo mapazi anakana. Chifuwa chinapita kutsogolo, mapazi anatsala ngati awamata ndi phula. Anayesanso. Maondo ananjenjemera, zidendene zinadumphadumpha pamalo amodzi, koma phazi silinasunthe.

Nthawi yomweyo lole yobweretsa katundu wa m'sitolo inakhotera pachipatapo, n'kuima mphuno yake itatsala pang'ono kuwagunda. Hutala inalira. Kumbuyo kwake kunaima galimoto ina, nayonso inaliza.

"Madala, mwaledzera m'mawa uno?" anakuwa dalaivala atatulutsa mutu pawindo. "Chokani pamenepo!"

A Lumo analamula mwendo, anaupempha, anaumenya ndi chibakera. Thukuta linalowa m'maso. Kutentha kwa injini kunkawawomba pankhope, ndipo kwa kanthawi anaganiza kuti dalaivalayo angochotsa phazi pabuleki zithe, akazi awo apume, mlamu wawo asadzavutike kupeza nthabwala yoti anene akadzakumana.

Asisitala anafika akupuma mwabefu. Anakwezera dalaivala dzanja kuti adikire, naima kutsogolo kwa a Lumo.

"Musalimbane nawo. Musayese kuyenda."

"Akana. Mapazi akana."

"Ndaona. Yang'anani ine, lole isiyeni. Tulutsani mpweya. Wonse. Tsopano thirani thupi kumanzere."

"Sindingathe."

"Mwakhala mukuchita izi mpaka m'bafa, mukanike lero? Kumanzere. Musafulumire. Thiranibe. Wamanjawo muli kanthu?"

A Lumo anamvetsera mwendo wawo. "Mulibe."

"Unyamuleni."

Phazi linanyamuka, chidendene chinatera. Anathira kumanja, lamanzere linatsatira. Anayenda choncho, hutala ikulirabe, mpaka anafika m'mbali mwa khoma. Lole inadutsa dalaivala akupukusa mutu. A Lumo anakhala pakhonde la kanyumba ka mlonda, anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Asisitala anakhala pambali pawo mpaka magalimoto anadzaza m'mizere yonse.

"Mupite kwa dokotala lero lomwe," anatero pomaliza. "Mukamuuze zoona, kuti munasiya. Musakayambirenso panokha."

Dokotala anawakalipira ngati mwana, kenako anawasinthira kamwedwe, ndipo nseru inachepa. Patapita milungu, mkono unafewako ndipo mapazi anasiya kumatirira pafupipafupi. Koma dzanja silinafike poti n'kuliikanso pakhosi pa munthu. Malumo onse anawakulunga m'thaulo n'kukapereka kwa wometa wa kutsidya uja, amene analandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Iwo anatsala ndi makina, kumeta mpala nkhalamba ndi ana a sukulu. Masiku ena benchi inkakhala yokha kuyambira m'mawa mpaka kutseka.

Mlamu wawo anabwera atamuchotsa ulusi. Anakhala pabenchi n'kumaliza nkhani ya mphaka ija, koma pampando wometera sanakhalenso. Anayamba kusunga ndevu, akuti makasitomala achikazi amazikonda. Akazi awo a Lumo anatenga nthawi yaitali asanayambe kulankhula nawo zina kupatula za chakudya ndi mapiritsi, ndipo piritsi lililonse ankaonetsetsa mpaka a Lumo atasamula kukamwa. Kugulu kuja a Lumo anabwerera. Anaima kumapeto, pafupi ndi mayi wa ndodo uja, ndipo palibe anawafunsa kanthu.

M'mawa wina wozizira, akuvala kuti azipita, anaona chala chaching'ono cha kumanzere chikugwedezeka pa batani. Anakhala pabedi nachiyang'ana kwa nthawi yaitali. Akazi awo analowa ndi thaulo kumutu.

"Mayi, lamanzerenso layamba."

Akazi awo anagwira dzanjalo, analitembenuza, analisiya. Anamanga mabatani otsalawo mpaka pakhosi, nawongola kolala.

"Ndikuperekezani, ndilowa mochedwa lero," anatero. "Nsapato zanu zili pakhomo."

Anatsika masitepe limodzi, a Lumo atagwira chitsulo cha m'mbali, akazi awo sitepe imodzi kutsogolo. Mnansi wa pamwamba, amene ankathamangira basi, anawapeza pakati, ndipo malo olambalala panalibe. Anayang'ana wotchi, kenako anatsika pambuyo pawo pang'onopang'ono mpaka pansi.